Ndevu Sizinyamula Chitsulo

Kuseri kwa nyumba yathu yogona kuli mtengo wa mango, ndipo patsinde pake pagona chitsulo chimene anatisiyira anzathu amene anatsiriza chaka chatha: zitini ziwiri zothiramo simenti, zolumikiza ndi paipi. Sabata yatha mnyamata wina wa Fomu 2, wochepa thupi, mau ake akali a mwana, analephera kuchikweza ndipo onse anamseka. Wina anati, "Iwe ulibe mahomoni, kagule mapiritsi kutauni." Usiku womwewo anadza kwa ine kudzakongola ndalama. Ndinamkaniza, ndipo ndifuna kunena chifukwa chake.

Mahomoni alikodi, sinditsutsa ai. Yense amene anawetako ng'ombe adziwa kusiyana kwa khosi la nkhunzi ndi la mfule. M'chaka cha 1849, Arnold Berthold wa ku Göttingen anafula atambala ndipo analeka kulira ndi kumenyana. Koma amene anawabwezera ziwalozo m'mimba anakula monga atambala ena onse. Chimene chinali kugwira ntchito m'mwazi mwao ndi chimene akatswiri anachitcha testosterone m'chaka cha 1935. Ndicho chikuza mau, ndevu ndi minofu ya mwamuna. Akazi nawonso ali nacho, koma pang'ono.

Tsono chimene oseka aja saganizira ndi ichi: chimenechi chifika pa nthawi yake. Mnyamata wina ayamba kusintha ali ndi zaka 9, wina 14, ndipo onse awiri ali bwino. M'kalasi limodzi mukhala wometa ndevu ndi wina wosayamba n'komwe. Kumseka wotereyu kuli ngati kutukwana chimanga chobzala mochedwa kuti chilibe ngaiyaye. Ndiponso si mahomoni okha apatsa mphamvu. Munthu akayamba kunyamula zitsulo, mphamvu imene aonjeza m'masabata oyamba ichokera makamaka ku mitsempha ya uthenga, imene iphunzira kulamula minofu bwino. Nanga amai athu amene asenza ndowa ya malita 20 kukwera chitunda, ndevu zao ziri kuti?

Za mapiritsi ndinene mwachidule. Ben Johnson anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.79 ku Seoul m'chaka cha 1988, koma patapita masiku atatu analandidwa mendulo chifukwa cha mankhwala otchedwa stanozolol. Kwa ife amene tikali kukula choopsa chiposa manyazi. Mankhwala otere atseka nsonga za mafupa nthawi isanakwane, kotero kuti munthu aima msinkhu, ndipo thupi likaona kuti alendo adzaza m'mwazi lileka kupanga mahomoni akeake.

Koma chimene chindidandaulitsa koposa ndi tulo, pakuti pamenepa tidziba tokha. Homoni ya kukula ituluka kwambiri pamene munthu ali m'tulo tofa nato, makamaka maola oyamba a usiku. Ku Chicago, m'kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2011, anyamata athanzi anagonetsedwa maola 5 okha usiku uliwonse kwa sabata imodzi, ndipo testosterone yao inatsika ndi 10 mpaka 15 pa 100. Anthu a msinkhu wathu afunika maola 8 kufikira 10. Nanga ife? Belu lozimitsa nyali likalira tiyamba nthano za mpira, ndipo 3 koloko tidzuka kukawerenga mapazi ali m'beseni la madzi ozizira (inenso ndachitapo, sindibisa). Madzulo ake omwewo tiri pansi pa mango kudabwa kuti chitsulo chalemera bwanji. Nyemba za kukhichini tizinyoza, chikhalirecho ndizo ndiwo zomanga minofu zimene tiri nazo.

Ndipempha aphunzitsi a masewero kuti atipangire chitsulo china chopepuka, ngakhale cha zitini za mkaka, ndi kutionetsa kanyamulidwe kosathyola msana. Ndipemphanso mapulifeketi anzanga kuti belu la usiku tilimvere ife poyamba. Mnyamata uja tsopano timadzuka naye 5 koloko kukathamanga kuzungulira bwalo ndi kudzikweza pa nthambi ya mango. Lolemba anadzikweza kawiri; dzulo katatu, ndipo kachinayi anafika theka.