Nyimbo Idakwera Pamwamba Njala Itapha Kale

Pa 7 Malichi m'chaka cha 1985, kampani ya Columbia ku America idatulutsa nyimbo yotchedwa "We Are the World". Idali nyimbo yodekha, yoyenda mwapang'onopang'ono, yoyamba ndi liwu la munthu mmodzi n'kumakula kufikira itasanduka kwaya yathunthu, ndipo cholinga chake chidali kupeza ndalama zothandizira anthu ozunzika ndi njala ku Ethiopia ndi m'maiko ena a mu Africa. Mbale 800,000 zomwe zidatumizidwa koyamba m'masitolo zidatha pa masiku atatu okha.

Zaka zoposa 40 zadutsa, koma nyimboyi imamvekabe pa mawailesi, ndipo ambiri amaikumbukira ngati chitsanzo cha chifundo cha anthu a maiko akutali. Sikulakwa kuikumbukira motero. Komabe atsogoleri a Chipani ndi anthu ogwira ntchito m'Boma ayenera kuikumbukira pamodzi ndi masiku ake, pakuti munthu akaika tsiku lomwe nyimboyi idatuluka pafupi ndi tsiku lomwe akuluakulu a ku Ethiopia adauzidwa za njalayo, amaona chinthu chowawa chomwe kukoma kwa nyimbo kumaphimba.

Za kupambana kwake palibe angatsutse. Pa mndandanda wa nyimbo 100 zotchuka womwe magazini ya Billboard imasindikiza sabata iliyonse, nyimboyi idalowera pa nambala 21, ndipo pa 13 Epulo idafika pa nambala 1, kuchotsapo nyimbo ya Phil Collins yotchedwa "One More Night". Idakhala pamenepo masabata anayi kufikira Madonna adailanda malo. Ku Britain idatsogola masabata awiri. Pa Lachisanu Loyera, 5 Epulo, nyumba zoulutsira mawu zikwizikwi m'maiko osiyanasiyana zidaiulutsa pa nthawi imodzi. Pa dziko lonse idagulitsa mbale zoposa 20 miliyoni, ndipo mu Febuluwale 1986 idalandira mphotho zinayi za Grammy, kuphatikizapo ya nyimbo yopambana pa chaka.

Ganizo loimba nyimboyi lidachokera kwa Harry Belafonte, woimba yemwe adamenyera ufulu wa anthu akuda limodzi ndi Martin Luther King. Iyeyu adaona zomwe oimba a ku Britain ndi Ireland adachita mu Disembala 1984 motsogozedwa ndi Bob Geldof ndi Midge Ure, podzitcha Band Aid, ndipo chidamuwawa kuti oimba akuda a ku America akhale chete pamene omwalirawo adali akuda anzawo. Michael Jackson ndi Lionel Richie adapeka nyimboyo, Quincy Jones ndiye adatsogolera kujambula kwake, ndipo gulu lonse lidadzitcha USA for Africa. Adasankha usiku wa pa 28 Januwale 1985 chifukwa oimba ambiri adali kale mu mzinda wa Los Angeles pa mwambo wa mphotho za American Music Awards. Mwambowo utatha, oimba oposa 40 adalowa mu situdiyo ya A&M, ndipo adatulukamo kunja kutacha. Mudali Ray Charles, Stevie Wonder, Diana Ross, Tina Turner, Bob Dylan, Bruce Springsteen, Willie Nelson, Kenny Rogers ndi ena otero, anthu oti aliyense payekha adazolowera kudzaza bwalo la masewero, koma usiku umenewo adalandira mzere umodzi kapena theka la mzere. Pakhomo padali chikwangwani chowapempha kuti kudzikuza kwawo akusiye panja.

Pali kanthu kena kamene kadachitika usiku womwewo koyenera kukatchula. Stevie Wonder adafuna kuti m'nyimbomo mulowe mawu a Chiswahili, ndipo padabuka mkangano kufikira anzake adamukumbutsa kuti anthu a ku Ethiopia salankhula Chiswahili. Mtima wake udali wabwino ndithu. Koma nkhaniyi isonyeza kutalika kwa mtunda womwe udalipo pakati pa oimbawo ndi anthu omwe ankawaimbira.

Mtunda umenewu ndiwo olemba zounika nyimbo m'manyuzipepala adaukhalira pansi. Ena adayamikira, Stephen Holden wa nyuzipepala ya New York Times adaiona kukhala ntchito yaluso yoima payokha, ngakhale munthu ataiwalako za cholinga chake. Koma Greil Marcus adaidzudzula kolimba. Iye adati mawu ena a mu kolasi yake akufanana ndi mawu omwe kampani ya Pepsi inkaitanira nawo malonda pa nthawiyo, pamene Jackson ndi Richie onse awiri adali ndi mgwirizano wotsatsa chakumwa chimenecho. Ena adadandaula kuti nyimboyo imakamba kwambiri za opereka, za ubwino wawo ndi chisangalalo chawo popereka, osatchula ngakhale dzina la Ethiopia kapena chomwe chidadzetsa njalayo. Ndipo pakati pa oimba onse aja padalibe ndi mmodzi yemwe wochokera mu Africa, ngakhale kuti m'nyengo yomweyo Manu Dibango wa ku Cameroon adasonkhanitsa oimba a mu Africa ku Paris, monga Salif Keita ndi Mory Kanté, najambula nyimbo yawo yothandizira anjala omwewo yotchedwa "Tam Tam pour l'Éthiopie". Imeneyo sidamveke kutali ngati inzake, osati chifukwa chochepa luso, koma chifukwa mndandanda wa Billboard umayeza matumba a ogula a ku America, suyeza choonadi cha nyimbo.

Odzudzulawo adanena zoona zambiri. Adangolakwa pamene ena mwa iwo adalankhula ngati kuti nyimbo yosakoma kwa iwo ndi nyimbo yopanda ntchito. Ndalama zidapezekadi, madola oposa 63 miliyoni, ndipo pa madola 100 alionse, 90 adapita ku Africa pomwe otsalawo adathandiza anjala a ku America komweko. Zina zidagula chakudya ndi mankhwala, zina zidalowa m'ntchito zokhalitsa za ulimi ndi madzi. Mayi yemwe mwana wake adapulumuka ndi phala la ndalama zimenezo sadafunse ngati kolasi idafanana ndi malonda a chakumwa. Ndiponso phokoso la nyimbozi, pamodzi ndi chionetsero cha Live Aid cha pa 13 Julayi 1985, lidachititsa manyazi maboma olemera, omwe ndiwo adatumiza chakudya chochuluka kuposa chomwe mbale zikadagula.

Tsono funso lomwe oyamikira ndi odzudzula onse sadalikhalire pansi mokwanira ndi ili: chidachedwetsa nyimboyi n'chiyani?

Yankho lake lili ku Addis Ababa. M'zaka za 1972 ndi 1973 njala idasakaza chigawo cha Wollo, ndipo boma la Mfumu Haile Selassie lidaibisa kufikira mtolankhani wa ku Britain, Jonathan Dimbleby, adaijambula ndi kuionetsa pa wailesi ya kanema. Asilikali a Derg, pochotsa mfumuyo pa 12 Seputembala 1974, adaonetsa anthu zithunzi za njalayo moyandikizana ndi za maphwando a kunyumba yachifumu. Kunena kwina, boma limenelo lidalowa pampando poloza chala njala yobisidwa. Patangotha zaka khumi, lidachita chomwecho.

Sikuti padalibe odziwa. Dzikolo lidali ndi bungwe loona za chithandizo ndi kukonzanso miyoyo ya ovutika, lomwe lidakhazikitsidwa kaamba ka njala ya ku Wollo ija, ndipo mu Malichi 1984 mkulu wake, Dawit Wolde Giorgis, adapempha maiko akunja kuti atumize chakudya. Maiko a azungu adazengereza, pakuti boma la Mengistu Haile Mariam lidali bwenzi la Soviet Union. Koma nalonso boma la Mengistu silidafune kuti nkhaniyo imveke, chifukwa lidali kalikiliki kukonzekera chikondwerero cha zaka khumi za ulamuliro wake ndi kukhazikitsa chipani chake chatsopano mu Seputembala 1984. Atolankhani akunja sadaloledwe kupita kumadera anjala kufikira zikondwererozo zitatha. Akale adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno amanyazi adali m'maofesi, ndipo ofera kuuna adali alimi.

Chilala chidalipodi, koma sichidali chokha. Kumpoto kudali nkhondo ku Tigray ndi ku Eritrea, misika inkaphulitsidwa ndi ndege, alimi ankakakamizidwa kugulitsa mbewu zawo ku bungwe la boma pa mitengo yotsika, ndipo maulendo a amalonda ndi a ofuna ganyu adali oletsedwa. Pambuyo pake boma lidasamutsa anthu pafupifupi 600,000 kuwapititsa kum'mwera, ambiri mokakamiza, ndipo madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières atadzudzula zimenezi adathamangitsidwa mu Disembala 1985. Omwalira ndi njalayo adali osachepera 300,000, ndipo ena amawerengera kufika miliyoni.

Dziko lonse lidadzidzimuka pa 23 Okutobala 1984, pamene BBC idaonetsa zithunzi za ku msasa wa Korem zojambulidwa ndi Mohamed Amin wa ku Kenya, nkhani yake akuifotokoza Michael Buerk. Apa mpamene oimba adayambira. Munthu awerenge yekha: kuchokera pa pempho la mu Malichi 1984 kufika pa zithunzi za Amin padadutsa miyezi 7, kufika pa kutuluka kwa nyimbo ya USA for Africa, miyezi 12, kufika mu Juni 1985, pamene ndege yoyamba yonyamula katundu wa gululi idanyamuka kupita ku Ethiopia ndi Sudan, miyezi 15. Oimba adachita changu ndithu, pakuti nyimbo yojambulidwa kumapeto kwa Januwale idali m'masitolo kumayambiriro kwa Malichi. Nthawi idatayika iwo asanadziwe kanthu, m'manja mwa anthu omwe ntchito yawo idali kudziwa ndi kunena.

Dziko la Malawi silingawerenge nkhaniyi ngati ya eni ake. Njala ya m'chaka cha 2002 idakula chifukwa cha zinthu zingapo, ndipo ziwiri mwa izo sizidachokere kumwamba: chimanga cha m'nkhokwe za dziko chidali chitagulitsidwa, ndipo ziwerengero za chinangwa ndi mbatata zidali zokwezedwa kuposa zomwe zidali m'minda, kotero kuti akuluakulu ndi maiko othandiza adakhulupirira kuti anthu ali ndi pogwira. Mipingo ndi mabungwe adachenjeza miyezi ingapo m'mbuyo mwake, koma chilengezo chakuti m'dziko mwagwa tsoka chidatuluka kumapeto kwa Febuluwale 2002, maliro atayamba kale m'midzi. Padalibe nyimbo ya pa nambala 1 yomwe idaimbidwira anthu amenewo.

N'chifukwa chake mlangizi wa zaulimi yemwe walemba kuti m'dera mwake chimanga chapserera asaonedwe ngati wonyozetsa Boma. Ofisala wa paboma yemwe walandira lipoti lotere asalisalaze kuti bwana wake akondwere, ndipo wapampando wa Chipani m'nthambi kapena m'dera asaumirize mfumu kunena kuti anthu ake akhuta chifukwa choti kukubwera mlendo wolemekezeka. Wakutsina khutu ndi mnansi. Chiwerengero chokometsedwa chimakwera mosavuta kuchoka kumudzi kufika ku likulu, aliyense akuwonjezerapo pang'ono, ndipo chikafika pamwamba chimasanduka maziko a chiganizo chakuti chimanga chisagulidwe kunja, kapena kuti nkhokwe zitsegulidwe mwezi wamawa m'malo mwa lero. Chipani cholamula chomwe chimamva zokoma zokhazokha kuchokera kwa anthu ake chimadzamva zoona kuchokera kwa atolankhani akunja, monga adamvera Haile Selassie ndi Mengistu.

Asakhalepo woganiza kuti dziko likadzalira oimba adzasonkhananso. Mu Febuluwale 2010, chivomerezi chitagwedeza Haiti, Quincy Jones ndi Lionel Richie adasonkhanitsa oimba a mbadwo watsopano kuti aimbenso nyimbo yomweyo. Idafika pa nambala 2 pa mndandanda wa Billboard, idatsika msanga, ndipo olemba ambiri adainyoza. Maganizo nawonso adasintha: oimba ena ochokera mu Africa, monga Fuse ODG wa ku Ghana ndi Britain, adakana kuimba nawo nyimbo za Band Aid za m'zaka zotsatira, ponena kuti zimaonetsa Africa ngati malo a anthu opemphetsa okhaokha.

Ethiopia mwiniwake adaonetsa njira ziwiri zonsezi. M'chaka cha 2005 boma la dzikolo lidakhazikitsa ndondomeko yopereka chakudya kapena ndalama kwa mabanja osauka a m'midzi posinthana ndi ntchito zachitukuko, njala isanafike. Chilala choopsa chitagwa m'zaka za 2015 ndi 2016, anthu oposa 10 miliyoni adafunika chithandizo, boma lidavomereza poyera ndi kuikapo ndalama zake, ndipo imfa zonga za 1984 sizidaoneke. Koma pa nkhondo ya ku Tigray ya kuyambira 2020 mpaka 2022, misewu idatsekedwanso, lamya ndi intaneti zidadulidwa, atolankhani adaletsedwa kulowa, ndipo njala idabwerera m'chigawo chomwecho chomwe muli Korem. Ulendo umenewo zithunzi zidatuluka zochepa, ndipo nyimbo yonga ija sidaimbidwe.