Mizu ya mankhwala isasuluke padzuwa

Tsiku la msika pa Lirangwe, ngakhalenso m'misika ya ku Chileka, si zachilendo kuona mizu ya mankhwala, monga gondolosi, itayalidwa pa chiguduli dzuwa likuswa mtengo. Ife tikuti mchitidwewu ukubera ogula ndi ogulitsa omwe.

Dzuwa lili ndi cheza china chosaoneka ndi maso chotchedwa ultraviolet. Chezachi ndi chimene chimasulutsa chitenje chikakhalitsa pa chingwe, ndipo chimaluma kwambiri masana. Chikagwa pa muzu, makamaka wosendedwa, woduladula kapena wosinjidwa, chimaphwanya zina mwa zinthu zimene zimaupatsa mphamvu, pomwe kutentha kumauluzanso fungo lake. Ngakhale ufa wa m'botolo loonekera mkati sutetezeka, pakuti china mwa chezachi chimadutsa galasi.

M'chaka cha 2003, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo a kakololedwe ka zitsamba. Mwa zina, lidaletsa kuyanika mankhwala padothi.

Choncho tikupempha asing'anga ndi ogulitsa kuti aziyanika mizu pa thandala, pamthunzi podutsa mphepo, osaunjika, kuopa chuku chomwe ndi poizoni. Ikauma, aisunge mouma ndi mosalowa kuwala.

Nanu ogula, funsani kuti muzuwo udakumbidwa liti ndipo udayanikidwa pati. Muzu wosuluka umadya ndalama, matenda nkumakula. Ndipo thupi likatentha kapena mwana akafooka, thamangirani kuchipatala msanga.