Kalata kwa Bwanamkubwa wa boma lathu: mapepalawo tiwaone nafe

Bwana DC,

Ndikulemba kuchokera kuno kutsidya kwa mtsinje, kumene galimoto za khonsolo zimafika mwa apo ndi apo, makamaka kukakhala mwambo wotsegulira chitukuko. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ndidakhalako zaka zingapo m'komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yathu yaikulu, ija timangoti ADC. Kalatayi ndaitumiza kunyuzipepala chifukwa ziwiri zomwe ndidasiya kwa alembi anu sizidayankhidwe. Mwina zikadali m'faelo, mwina zidakulungidwira mandasi. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndiye mundikhululukire pogogoda kachitatu.

Nkhani yanga ikuyambira pa chimbudzi cha pamsika wathu. Kontilakita adabwera ndi lole ya njerwa ndi anyamata ake, adakumba dzenje, adathira silabu, khoma lidafika m'chiuno, kenako zii. Mvula yagwa kawiri chichokereni iye. M'dzenjemo mwadzaza madzi obiriwira, pasilabu mbuzi zimaothera dzuwa, ndipo zitsulo zomwe zidatsala zidapita usiku, chimodzichimodzi. Palibe chikwangwani chonena dzina la kampani, ndalama zomwe idalandira, kapena tsiku lomwe ntchito imayenera kutha. Koma tsiku lililonse la msika mnyamata wa matikiti salephera. Amafika dzuwa lisanatenthe, kabuku m'manja, ndipo mayi wa usipa amalipira asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Mayi yemweyo akafuna kudzithandiza amasiyira mnzake lichero n'kulowera kumunda wa chimanga kuseri kwa chigayo. Izi zikuchitika m'dziko lomwe kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700.

Tidafunsa khansala, adati za makontilakiti zili ndi akuofesi. Tidafunsa phungu, adati chimenecho si chitukuko chake. Tidakwera kabaza mpaka kuboma, komwe adatiuza kuti mkulu woona za zomangamanga ali kumsonkhano kunyanja, tibwere Lolemba. Lolemba lidafika, tidapeza pakhomo pali loko.

Sindikunena kuti wina adaba, bwana. Ndikudziwa kuti ndalama zochokera ku Capital Hill zimafika mochedwa, nthawi zina zoperewera. Ndikudziwanso kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa simenti ndi malata udalumpha, moti womanga amene adasainira mtengo wakale akadatha kuthawa ntchito popanda kuba tambala. Ngati ndi zimene zidachitika pamsika wathu, bwanji osangotiuza? Mukakhala chete, anthu amadzipezera okha yankho, ndipo yankho lomwe limamveka pabawo ndi pamjigo n'lakuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Dzina lomwe limada ndi lanu.

Tonse timakumbukira Cashgate ya 2013 chifukwa ndalama zake zidali mabiliyoni ndipo ena adagwidwa nazo m'mabuti a galimoto. Ndalama za khonsolo sizichoka ndi phokoso lotero. Zimayenda pang'onopang'ono, kudzera m'zigamulo zomwe palibe mtolankhani angaziyendere ulendo: ndani akonze mlatho wa matabwa, ndani apereke mafuta a ambulansi, ndani akumbe mijigo isanu, ndani atolere zinyalala, ndani abwereke nyumba ya alendo ya khonsolo ndipo azilipira zingati pamwezi. Zimenezi zimagamulidwa m'kachipinda, ndi komiti yogula ndi kugulitsa katundu ija mumaitcha IPDC, anthu ochepa atazungulira tebulo. Kwa inu ndi ntchito ya masiku onse. Kwa ife n'zimene zimanena ngati mayi woyembekezera akafike kuchipatala pa galimoto kapena pa ngolo.

Za kugulitsa katundu ndiye zimandiwawa kwambiri. Kuseri kwa maofesi anu kudali thalakitala yomwe idakhala pamiyala nthawi yaitali, udzu utamera mpaka kuchiwongolero. Tinkaidutsa tikamapita kukalandira malipiro. Tsiku lina tidapeza palibe. Patapita miyezi tidaiona ikukoka ngolo ya mchenga, itapakidwa penti watsopano, ikulira bwinobwino ngati sidadwalepo. N'kutheka idagulitsidwa mwachilungamo, kwa amene adatchula mtengo wokwera kuposa anzake. Koma chidziwitso chake chidatuluka kuti? Ngati chidatuluka m'nyuzipepala, m'Chingerezi, pa tsamba la mkati, ndiye kuti chidalembedwera anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kalabu ya alimi a kwathu, yomwe imabwereka thalakitala chaka ndi chaka pamtengo wolira, ikadasonkha n'kupikisana nawo. Chimodzimodzi bwalo la patawuni yathu pomwe ana ankasewera mpira ndipo mabasi ankatembenukira: tidangodzuka m'mawa wina n'kupeza mabikoni a simenti m'makona onse anayi. Adagula ndani, pamtengo wanji, ndalamazo zidalowa m'thumba liti, ngakhale a gulupu sadathe kutiyankha.

Chomwe ndikupempha si chachilendo, chili kale m'malamulo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidabwera ndi mawu akuti mphamvu ku anthu, ndipo limalola anthu wamba kukhala nawo pa misonkhano ya khonsolo. Lamulo la bungwe la PPDA limakhudza kugula komanso kugulitsa katundu wa boma, ndipo mutu wake ndi mpikisano wa poyera. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu wodziwa zomwe boma likusunga, ndipo lamulo lotsegula njira ya ufuluwo lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Limati munthu akapempha, ayankhidwe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Makalata anga awiri aja adadutsa malire amenewo kalekale.

Ndimaona ngati chizolowezi chobisachi chidamera m'zaka zomwe tidalibe makhansala. Omwe tidasankha mu 2000 adatha nthawi yawo mu 2005, ndipo ena sitidasankhenso mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi maofesi adazolowera kugamula okha popanda wowafunsa. Makhansala atabwerera adapeza zitseko zili ndi eni ake, ndipo ena mwa iwo, ndinene mosapsatira, adakhutira ndi alawansi ya msonkhano ndi botolo la madzi. Pakadali pano ndalama zodutsa m'manja mwanu zikungokwera. Thumba la CDF, lomwe lidayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa, lidafika K100 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo lidakweranso pambuyo pake. Palinso ndalama za pulojekiti ya GESD, za Banki Yaikulu Padziko Lonse, zomwe khonsolo imalandira ikakhoza mayeso a chaka ndi chaka oona mmene ikuyendetsera chuma. Oyesawo akamabwera kuchokera ku Lilongwe mumasesa pabwalo, mafaelo onse amapezeka, malisiti ali m'malo mwake. Ndiye kuti mapepala alipo. Alendo a masiku atatu amawaona. Ife okhala ndi chimbudzi chosathacho ndiye ayi.

Tsono chitani ichi, bwana. Mwezi uliwonse tulutsani pepala limodzi, m'Chichewa chomveka, lonena ntchito zomwe khonsolo yapereka, dzina la kampani yomwe yapambana, ndalama zake, zomwe yalandira kale, ndi tsiku lomalizira. Pansi pake lembani katundu ndi malo omwe mukufuna kugulitsa, mwezi wathunthu tsiku logulitsa lisanafike, ndipo mukagulitsa mutiuze wogula ndi mtengo. Onjezani ndalama zomwe msika uliwonse watolera ndi zomwe zabwerera kumsikawo. Pepalalo limatidwe pachipata cha msika, pachipatala, pabwalo la mfumu, ndipo liwerengedwe pa wailesi ya m'dera lathu Chichewa chake chomwecho. Mtengo wake ndi inki ndi guluu. Mauthenga a katemera amafika mpaka kumudzi wa kuphiri m'masiku awiri, ndiye musatiuze kuti njira palibe.

Ndipo pamalo pa ntchito iliyonse pakhale chikwangwani. Womanga amene dzina lake lili pamsewu, pomwe apongozi ake amadutsa, sathawa khoma lili m'chiuno.

Msonkhano wotsatira wa khonsolo yonse ndidzabwera. Ndidzakhala pabenchi ya kumbuyo ndi kope langa, pamodzi ndi mayi wa usipa uja, yemwe wasunga matikiti ake onse m'kachitini ka mkaka. Tiuzeni tsiku ndi nthawi, ndipo mudzabwere ndi faelo ya chimbudzi cha pamsika wathu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma wa kutsidya kwa mtsinje