Musanapakire tenti kupita ku Balmorhea, dziwani kuti kasupe amatha kuuma

Ngati mumakonda kuonera makanema a maulendo pa TikTok kapena Instagram, mwina munaonapo dziwe lina lalikulu pakati pa chipululu, madzi ake oyera moti munthu akamasambira nsomba zimaoneka zikudutsa m'miyendo mwake. Malowo ndi Balmorhea State Park, paki ya boma la Texas ku America. Amalawi omwe akuphunzira kapena kugwira ntchito ku Dallas ndi Houston akaona zimenezi amangoti, “Tchuthi chikubwerachi tipite basi, zina tikaona konko.” Mawu akuti “tikaona konko” ndi omwe ndikufuna kutsutsana nawo, chifukwa ku Balmorhea akhoza kukubwezani pageti mutayenda maola oposa 6 pagalimoto kuchokera ku Dallas.

Ambiri amadandaula kuti pakiyi ili ndi malamulo ochuluka: kubukitsa malo pasadakhale, chiwerengero cha anthu olowa patsiku, kutseka dziwe nthawi zina. Ine ndikuona kuti malamulowa ndi gawo la chinthu chomwe mukupitiracho. Popanda iwo, madzi aja mukuwasirira pafoni sakanakhala mmene alilimo.

Madzi a dziweli sachokera mumpope ndipo sathiridwa chlorine. Amatumphuka pansi pa nthaka pa kasupe wotchedwa San Solomon, malita oposa 50 miliyoni tsiku lililonse, n'kudutsa m'dziwemo kupita m'ngalande zomwe alimi a m'deralo amathirira mbewu. Dziwe lenilenilo limasunga malita pafupifupi 13 miliyoni, ndipo chaka chonse madzi ake amakhala pakati pa madigiri 22 ndi 24, kaya kunja kukutentha kaya kukuzizira. Analimanga m'zaka za m'ma 1930 ndi anyamata osowa ntchito omwe boma la Franklin Roosevelt linawalemba pansi pa ndondomeko ya Civilian Conservation Corps. Tinyumba togona alendo tomwe anawumba ndi njerwa zadothi tikadalipo mpaka pano.

Tsopano tione za kukonzekera. Bungwe la Texas Parks and Wildlife limalola kubukitsa malo omangapo tenti miyezi 5 lisanafike tsiku lanu, ndipo chiphaso cholowera masana okha mukhoza kugula kudakali mwezi umodzi. Malo a matenti ndi ochepa, sakwana n'komwe 40. Miyezi yotentha ya June, July ndi August, makamaka Loweruka ndi Lamulungu, amadzaza msanga. Chiwerengero cha tsikulo chikakwana, chakwana basi. Palibe zoti bwana tachokera kutali timvereni chisoni. Komanso kumeneko si kotsika basi n'kukwera njinga yakabaza. Mufunika galimoto yanuyanu kapena yobwereka, mafuta okwanira, madzi akumwa ndi chakudya, chifukwa tauni ya Balmorhea ndi yaing'ono ndipo masitolo akuluakulu ali kutali.

China chomwe makanema sakuuzani ndi choti dziweli limatsekedwa. Kawirikawiri amalitseka masiku angapo pachaka kuti alitsuke. Mu 2018, pa nthawi yotsukayi, anapeza kuti konkire ya pansi pa thabwa lodumphirapo yawonongeka, ndipo dziwe linakhala lotseka mpaka 2019. Chaka chomwecho paki yonse inatsekedwanso chifukwa cha ntchito yokonza zinthu zina, n'kudzatsegulidwa mu 2021. Kanema yemwe mwaonera lero akhoza kukhala wa zaka 3 zapitazo. Musanalipire lendi ya galimoto, tsegulani tsamba la pakiyo muwerenge zidziwitso za sabata imeneyo.

Za moyo wanu nazo ndi zofunika kuzinena mosabisa. Mbali ina ya dziweli ndi yosaya, koma pomwe pali kasupe ndi pakuya mamita opitirira 7. Madzi akakhala oyera chonchi maso amanama, pansi pamaoneka pafupi. Palibe anthu olembedwa ntchito yopulumutsa omira, ndipo aliyense amasambira podziwa kuti chikachitika n'chake. Pansi pali ndere zoterera. Aliyense amene anaviikako phazi pa Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje akudziwa mmene madzi ozizira amadzidzimutsira thupi lomwe lachoka padzuwa. Ngati kusambira kwanu ndi kwa m'mbali mwa nyanja pomwe madzi amalekeza m'chiuno, valani jekete yoyandamitsa ndipo musachite manyazi. Mowa nawo usiyeni, malamulo a mapaki a boma la Texas saloleza kumwa poyera.

Nanga n'chifukwa chiyani amawerenga anthu ngati kuti ndi ndege? Chifukwa m'madzimo simuli nokha. Muli mitundu iwiri ya nsomba zing'onozing'ono yomwe ili pachiopsezo chotheratu padziko: Pecos gambusia ndi Comanche Springs pupfish. Anyamata aja pomanga dziwe anawononga dambo lachilengedwe lomwe nsombazi zinkakhalamo, ndipo m'zaka za m'ma 1990 akuluakulu a pakiyi anachita kukumba dambo lina kuti zipeze pokhala. Madzi omwe mwasambamo ndi omwewo amapita kwa nsombazo. Zinyalala, zotsalira za chakudya ndi sopo zomwe munthu wataya m'madzi sizisowa, zimangopita patsogolo.

Dzina la nsomba yachiwiriyo lili ndi nkhani yomwe aliyense wopita ku Balmorhea ayenera kuidziwa. Comanche Springs anali kasupe wamkulu m'tauni ya Fort Stockton, makilomita pafupifupi 80 kum'mawa kwa Balmorhea. Nayenso anali ndi dziwe losambiramo, ndipo alimi ankathirira minda ndi madzi ake. M'zaka za m'ma 1950 kunagwa chilala, ndipo eni minda ikuluikulu kumadzulo kwa tauniyo anakumba zitsime zakuya n'kuika mapampu amphamvu. Kasupe anayamba kuchepa. Alimi omwe ankadalira madziwo anakamang'ala kukhothi, koma mu 1954 anagonja, chifukwa lamulo la ku Texas limati madzi a pansi pa malo ako ndi ako, pope mmene ungathere ngakhale kasupe wa mnzako aume. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Comanche Springs anali atauma. Masiku ano amatuluka pang'ono zaka zina m'nyengo yozizira, mapampu akapuma. Nsomba ija inatsala ndi dzina lokha la kwawo, chifukwa kumeneko kulibenso.

Wina anena kuti, “Ndiye mwaona, omwe anaumitsa kasupe ndi a mapampu, osati osambira. Mukutivutitsiranji ife ndi kubukitsa?” Pamenepo pali choonadi. Kuchepetsa alendo sikungaletse munthu kukumba chitsime makilomita ambiri kutali ndi paki, ndipo tsogolo la San Solomon lili kwambiri m'manja mwa opanga malamulo a madzi kuposa mwa inu ndi tenti yanu. Ndikuvomerezanso kuti kubukitsa pa intaneti kumakomera munthu amene ali ndi khadi la kubanki komanso amene amadziwa tchuthi chake kudakali miyezi ingapo. Wogwira ntchito ya mashifiti amapwetekeka.

Koma taganizirani mbali inayi. Dziwe la zaka pafupifupi 90, lomwe konkire yake inang'alukapo kale, mukalitsegulira aliyense wofika pageti, zimbudzi zidzadzaza, madzi adzada, nsomba zidzavutika, ndipo kenako adzalitseka kwa onse. Pamenepo wa mashifiti uja sadzasambanso, wa khadi la kubanki uja chimodzimodzi. Fort Stockton inaphunzira mochedwa kuti madzi omwe aliyense amatunga mmene akufunira amatha. Ku Balmorhea, mbali yomwe paki ingathe kuilamulira ndi khamu la anthu, ndipo ikuchita bwino kulilamulira.

Choncho ngati ulendowu uli m'maganizo mwanu, sankhani tsiku la pakati pa sabata, kapena mwezi wa September dzuwa litayamba kuchepa mphamvu, poti madziwo sasintha kutentha kwake. Bukitsani malo kaye, galimoto pambuyo. Mufunsane moona mtima pagulu lanu la WhatsApp kuti ndani amatha kusambira pakuya ndipo ndani samatha. Mukafika, yendani kaye kudambo kuja mukaone tinsomba tomwe tinataya kwawo ku Fort Stockton, kenako mukalowe m'dziwe.