Walira Mvula Walira Matope: Za Kugula Galimoto Yoyamba ku Machinga ndi Balaka

M'maboma a Machinga ndi Balaka muli kuoneka chinthu chimene kale sichinali kuoneka. Pa masukulu, pa zipatala ndi pa maofesi a Boma, pamene kale panali kutsamira njinga zokhazokha pansi pa mtengo wa mango, tsopano paima magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan. Eni ake ambiri ndi aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi akalaliki, anthu amene angophunzira kumene kugwira chiwongolero. Ichi nchokondweretsa ndithu, pakuti munthu wogwira ntchito molimbika ayenera kuona chipatso cha thukuta lake.

Koma yense woyenda ku Liwonde, ku Ntaja, ku Ulongwe ndi pa Balaka waonanso china. Kuseri kwa nyumba zina kuli magalimoto ogonekedwa pa njerwa, matayala ataphwa, nkhuku zili kuikira mazira pa mpando wa woyendetsa, pamene mwini wake ali kudulidwabe ngongole pa malipiro ake mwezi ndi mwezi. Tsono funso loyenera kulifunsa ndi ili: galimoto yotchipa njotani? Yankho lake nlakuti ndi galimoto imene mwini wake angathe kuithira petulo, kuikonza ndi kuilipirira zonse za Boma kwa zaka zitatu kapena zinayi popanda ana ake kugona ndi njala. Mtengo wa pa tsiku logula ndi chiyambi chabe cha nkhani.

Mtengo weniweni

Magalimoto akale ambiri amene ayenda m'dziko muno achokera ku Japan, ndipo zifukwa zake ziripo ziwiri. Choyamba, ku Japan ayenda kumanzere kwa mseu monga ku Malawi, kotero chiwongolero chikhala kumanja. Chachiwiri, lamulo la kumeneko liti galimoto yatsopano iyesedwe ikatha zaka 3, ndipo kuyambira pamenepo iyesedwenso zaka 2 zilizonse. Kuyesako kudya ndalama zambiri, motero eni ake ambiri asankha kugulitsa galimoto ikali yamphamvu.

Munthu woona mtengo wa galimoto zotere pa intaneti asafulumire kusekera. Mtengo umenewo ulembedwa m'madola, ndipo ngakhale awonjezepo za sitima ya pamadzi, ungofikitsa galimoto pa doko, kawirikawiri la Dar es Salaam. Kuchokera kumeneko, kudzera pa chipata cha Songwe ku Karonga kufikira ku Balaka, pali makilomita oposa 1,500. Pafunika kulipira za pa doko, petulo wa ulendo wonsewo, woyendetsa, wothandiza za mapepala pa chipata, ndi msonkho wa bungwe la MRA, umene uyesedwa poona kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Pambuyo pake pabwera kulembetsa, nambala, inshuwalansi ndi COF.

Ndiponso kwacha siikhala malo amodzi. Mu May 2022 mphamvu yake inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Galimoto ya madola 2,000 imene dzulo lake inali pa K2,360,000 inadzuka m'mawa ili pa K3,400,000. Amene anali atatha ndalama zao zonse pogula, galimoto ikali panyanja, anaona zakuda pa chipata. Nchifukwa chake munthu wanzeru salowetsa ndalama zake zonse m'mtengo wogulira. Asiyeko gawo limodzi mwa magawo asanu la matayala, batire, oyilo ndi zina zimene zidzatulukira m'miyezi yoyamba, pakuti zidzatulukira ndithu.

Petulo ayeneranso kuwerengedwa ndi pensulo munthu asanagule. Woyenda makilomita 600 pa mwezi ndi galimoto yotha makilomita 10 pa lita imodzi afuna malita 60. Mnzake wa galimoto yotha makilomita 15 pa lita afuna malita 40 okha. Malita 20 otsalawo pa mwezi akhala malita 240 pa chaka, ndipo amene anagonapo pa mzere wa petulo m'zaka za 2022, 2023 ndi 2024 adziwa kuti nthawi zina ngakhale ndalama ikhalepo, petuloyo sapezeka.

Mseu ndiwo uweruze

Si onse a m'maboma awiriwa amene ayenda mseu umodzi. Kalaliki wa pa Liwonde kapena pa Balaka ayenda pa tala: mseu wa M3 wochokera ku Zomba, wotsika mapiri a Machinga, woloka Shire pa Kamuzu Barrage ndi kupitirira ku Ulongwe ndi Mangochi, kapena wa M8 wodzera pa Balaka kukalumikiza M1 pa Chingeni, kapenanso wochokera ku Liwonde kudzera pa Nsanama kunka ku Ntaja ndi Nselema. Kwa munthu wotere galimoto yaing'ono monga Daihatsu Mira, ya injini ya 660cc, kapena Toyota Passo ndi Toyota Vitz za 1000cc, ikwanira bwino lomwe, ndipo idya petulo pang'ono.

Mphunzitsi wa ku Chikweo, ku Ngokwe, ku Nayuchi kufupi ndi nyanja ya Chiuta, ku Mposa m'mbali mwa Chilwa, kapena ku Utale ndi Kankao, ali ndi nkhani ina. Masukulu ambiri a kumeneko afikika ndi miseu ya dothi, ya mchenga m'chilimwe ndi ya matope m'dzinja. Galimoto yofupika mimba igunda pansi pa chulu chilichonse, ndipo mwala umodzi ukaboola sampu, ndiye kuti chitsulo chosunga oyilo kunsi kwa injini, oyilo atayika yense ndipo injini ipsa munthu asanafike pa tala. Wokhala kotereku awerame, aone kutalika kwa mimba ya galimoto kuchokera pansi, ndipo aganize za Toyota Probox kapena Corolla yakale, zimene zitsulo zake za kunsi zipirira mabampu kuposa timagalimoto tating'ono. Akumbukirenso kuti wantchito wa Boma asamutsidwa. Amene lero ali pa tala, chaka chamawa angathe kulandira kalata yomtumiza kumudzi.

Funsani makaniko musanafunse wogulitsa

Akulu anati safunsa anadya phula. Munthu asanasankhe mtundu wa galimoto, apite kwa amakaniko a pa Liwonde ndi pa Balaka, awafunse magalimoto amene akonza tsiku ndi tsiku. Alowenso m'masitolo a masipeya, afunse mtengo wa mabuleki, wa pampu ya madzi ndi wa nyali yakutsogolo. Ngati wa m'sitolo atulutsa zinthuzo pa shelefu nthawi yomweyo, mtundu umenewo ngwabwino kwa woyamba kumene. Ngati ayankha kuti ayamba waitanitsa ku Blantyre kapena ku Johannesburg, wogula achenjere. Vitz inayamba kupangidwa mu 1999, Probox 2002, Sienta 2003, Passo 2004, ndipo Corolla inayamba mu 1966. Kuchuluka kwake m'miseu ndiko kutchipitsa masipeya ake, chifukwa ngakhale galimoto yophwanyika ipereka ziwalo kwa inzake.

Apa ndi pamene ambiri apunthwa. Pa msika papezeka magalimoto akuluakulu a ku Ulaya, a mipando ya chikopa, pa mtengo wolingana ndi wa Vitz. Mtengowo watsika chifukwa odziwa athawa, podziwa kuti kachipangizo kamodzi ka magetsi kakafa kadzadya malipiro a miyezi iwiri. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Magalimoto oyendera petulo ndi batire pamodzi, monga Toyota Aqua, asunga petulo zoona, koma batire lake lalikulu likatopa lifuna ndalama zambiri ndi mmisiri wodziwa, ndipo amisiri otere sapezeka pa msika uliwonse.

Za magiya nazo zifunika kuziganiza. Galimoto yosintha yokha magiya njosavuta kwa wophunzira, koma batire likafa siingalizidwe ndi kukankha, pamene ya magiya a dzanja ana a sukulu anayi aikankha ndipo ilira. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a ku Japan ali ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene ifuna oyilo wake wokha. Kuthiramo oyilo wina pofuna kupulumutsa ndalama ndiko kupha giyabokosi yonse.

Poyesa galimoto

Woyamba kumene achita bwino kugula galimoto imene ili kale m'dziko muno, yoti angathe kuiona ndi maso ndi kuiyendetsa, ngakhale mtengo ukwereko pang'ono. Apite ndi makaniko wake, womlipira yekha, wosadziwana ndi wogulitsa. Apite m'mawa injini isanalizidwe, pakuti injini yozizira siibisa matenda. Utsi wobiriwira ngati wa mtambo usonyeza kuti injini ili kutentha oyilo. Utsi woyera wosaleka, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wa mkaka, usonyeza kuti madzi alowa m'injini. Kuno ku chigwa cha Shire, kumene October ndi November atentha koopsa, rediyeta ndi fani ziyenera kuyesedwa mosamala, ndipo galimoto iyendetsedwe pa chikweza kuti ioneke ngati siitentha.

Makaniko alowe kunsi aone dzimbiri, chifukwa kumpoto kwa Japan athira mchere m'miseu kuti asungunule madzi oundana, ndipo mcherewo udya chitsulo. Atukule makapeti, anunkhize, aone ngati mulibe matope ouma. Madzi osefukira monga a namondwe wa Freddy mu March 2023 samiza nyumba zokha, ndipo galimoto imene inamirapo ivuta za magetsi moyo wake wonse. Manambala a makilomita asakhulupiriridwe okha, popeza alipo odziwa kuwabweza m'mbuyo. Chiwongolero chosalala ndi zopondera zotha zinena zoona kuposa manambalawo. Pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata la 23 la chaka cha 2019. Tayala lokalamba, kapena lopangidwira nyengo yozizira ya ku Japan, silikhalitsa pa tala wotentha wa ku Balaka, ngakhale mano ake aoneke atsopano.

Mapepala

Galimoto yopanda mapepala oongoka ndi mlandu woyenda pa mawilo. Dzina la pa blue book lilingane ndi la pa chitupa cha wogulitsa. Nambala ya chesisi ndi ya injini zimene zili pa pepala zilingane ndi zolembedwa pa chitsulo. Kusintha umwini kuchitike ku ofesi ya Road Traffic, imene ilipo ku Zomba, onse awiri alipo, ndipo ndalama yonse isaperekedwe izi zisanatheke. Madobadoba olonjeza laisensi kapena COF popanda kuyesedwa agulitsa pepala chabe, ndipo pepala siligwira mabuleki. Lamulo la pamseu la 1997 lifuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi ya third party. Wogula adziwe kuti imeneyi ilipira anthu ena amene iye wawapweteka kapena kuwaonongera katundu, koma galimoto yake adzakonza yekha.

Ulemu, ngongole ndi moyo

Ena adzati munthu ndi ndalama zake, ndipo mphunzitsi wamkulu sayenera kuoneka m'kagalimoto konga kabokosi ka machesi. Mau amenewa amveka, pakuti ulemu ndi chinthu chachikulu pakati pa anthu. Koma woyendetsa watsopano adzagunda chipata, adzakanda chitseko pa mtengo, adzalowa m'ngalande pobwerera m'mbuyo. Nkwabwino kuti maphunziro amenewa achitikire pa galimoto imene nyali yake igulika pa Balaka. Ndiponso palibe ulemu kwa bwana wokwera kabaza m'mawa uliwonse, galimoto yake yaikulu ili gone pakhomo, mudzi wonse uli kuona.

Ofuna ngongole apite ku mabungwe odziwika monga Mphunzitsi SACCO ndi United Civil Servants SACCO, kapena ku banki, awerenge chimene chidzatsala pa malipiro akadula. Katapila asayandikidwe nkomwe. Ngati chotsalacho sichikwanira ufa, lendi, fizi ndi petulo, nthawi yogula siinakwane, ndipo kudikira chaka china si manyazi. Ngongole yopsinja ndiyo ichititsa ena kusandutsa galimoto kukhala takisi pakati pa Liwonde ndi Ntaja nthawi ya ntchito, ana ali okha m'kalasi, ndipo ena ayamba kuyang'ana ndalama za sukulu kapena za ofesi ndi diso loipa. Kunyamula anthu olipira kufuna chilolezo chake, nambala zofiira ndi inshuwalansi yake. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wochita zotere angathe kutaya ntchito ndi galimoto pamodzi.

Chotsiriza ndicho chachikulu koposa. Miseu ya m'maboma awiriwa idzaza njinga za kabaza, ngolo, mbuzi ndi ana a sukulu, makamaka tsiku la msika. Woyendetsa watsopano ayende pang'onopang'ono pa malo otere, amange lamba, aleke kuyenda usiku kufikira dzanja litazolowera, ndipo akamwa mowa asiye makiyi. Potsika mapiri a Machinga asachotse giya kapena kuzimitsa injini pofuna kusunga petulo, chifukwa injini ikazima mabuleki auma ndipo chiwongolero chilemera. Ndalama zikachepa, zokongoletsa ndi wailesi zidikire, koma mabuleki, matayala ndi nyali zikonzedwe tsiku lomwelo.

Aphunzitsi ndi antchito a Boma ndiwo chitsanzo m'midzi imene akhala, ndipo chimene iwo agula lero achinyamata adzachifuna mawa. Motero agule mofatsa, atawerenga, atafunsa, ataona mseu wa kwao. Kuona maso a nkhono nkudekha.