Kumsika wa zakale ku London, wamalonda atsegule maso asanatsegule chikwama

Amalawi amene amapita kukacheza kwa abale ku London nthawi zambiri amatengedwa Loweruka kukaona mzinda. M'mawa amajambulitsa pa Buckingham Palace, kenako ulendo wa ku Portobello Road, msika wa m'dera la Notting Hill umene pa tsikuli umadzaza ndi ogulitsa zinthu zamakedzana. Wamalonda akafika pamenepo mtima umathamangira kupikula, ndipo apa ndi pamene mpamba umalowera m'madzi.

Katundu wakale ali ndi malamulo ake. Ogulitsa ambiri amati chinthu ndi chamakedzana chikakwanitsa zaka 100, koma pabenchi limodzi pamakhala zakale zenizeni ndi zongooneka zakale. Sipuni kapena tiyipoti ya siliva weniweni wa ku England imakhala ndi chidindo cha mkango woyenda, kusonyeza kuti magawo 925 mwa 1,000 ndi siliva. Mutu wa nyalugwe umasonyeza kuti anayesera ku London, nangula ndi ku Birmingham. Pakalembedwa EPNS, ndiye kuti siliva anangomukuta pamwamba. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Chopangidwa ndi mnyanga wa njovu ndi chosayenera kuchikhudza n'komwe. Lamulo la Ivory Act la 2018, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, limaletsa malonda a minyanga ku Britain kupatula pa zinthu zochepa zokhala ndi chilolezo. Pali nkhani ya kulemeranso: ndege zambiri zimalola makilogalamu 23 pa chikwama chimodzi, ndipo zopitirira apo ndi zolipira. Akaphatikiza msonkho wa pabwalo la ndege, wotchi yapakhoma imene inaoneka yotsika mtengo imafika ku Limbe ilibe woigula.

Phindu la ulendowu lili m'zimene munthu waona. Ogulitsa a pa Portobello amasunga katundu waukhondo, amadziwa kumene chinthu chinachokera ndi zaka zake, ndipo amafotokozera kasitomala mosatopa. Mtengo umakwera chifukwa cha mbiriyo.

Kuno ku Malawi, simbi zamakala, nyale zagalasi, ndalama zachitsulo za nthawi ya Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland komanso makina osokera a Singer zikutayidwa kapena kupita kwa ogula zitsulo zakutha pa mtengo wa pasikelo. Chonsecho makina a Singer ali ndi nambala imene imaulula chaka chimene anapangidwa, ndipo alipo anthu amene amagula zoterezi kuti akongoletsere nyumba, malo odyera ndi malo ogona alendo.

Wopita kwa abale agule kachinthu kamodzi kachikumbutso, anenerere mtengo mwaulemu, ndipo afunse mafunso ambiri. Akabwerera, ayambe wayang'ana zimene zili m'nyumba ya agogo asanaitane wangolo wogula zitsulo.