Ulemu wa Mayi Mary Waya Uyambire pa Bwalo la Sukulu

M'chaka cha 2007, mumzinda wa Auckland m'dziko la New Zealand, munachitika mpikisano wa dziko lonse lapansi wa mpira wamanja, umene anthu ambiri amautchula kuti ntchemberembaye. Timu ya dziko lino, ya Queens, inamaliza pa nambala 5 itagonjetsa South Africa, malo amene Malawi anali asanafikepo chiyambire. Pakati pa osewera amene maiko ena anawatama pa mpikisano umenewo panali Mayi Mary Waya, katswiri woponya zigoli, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 39. Mayiyu anayamba kusewerera dziko lino akali mtsikana. Analipo pa mpikisano wa ku Birmingham mu 1995, ndipo mu 2010, ali ndi zaka 42, ndiwo ananyamula mbendera ya Malawi pa masewera a maiko a Commonwealth ku Delhi, m'dziko la India.

Aliyense wodziwa za thupi la munthu ayenera kuima kaye pa zaka zimenezi. Mpira wamanja umafuna kulumpha, kuthamanga ndi kuima mwadzidzidzi kwa ola lathunthu, ndipo mawondo ndi akakolo ndiwo amalipira. Mayi wopikisana ndi atsikana a zaka 20 iye atapitirira zaka 40 ndi umboni wakuti thupi losamalidwa bwino limatumikira mwini wake nthawi yaitali. Pali makolo ena amene amakhulupirira kuti mtsikana wothamanga ndi kulumpha kwambiri adzavutika kubereka. Zimenezi si zoona. Masewera amalimbitsa mafupa ndi mtima, ndiponso amathandiza kupewa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene masiku ano afika ndi kumidzi komwe.

Komabe chimene chikuwayenereza Mayi Waya ulemu woposa si zigoli zokha ayi. Atasiya kusewera anakhala mphunzitsi wa masewerawa, nakhazikitsanso bungwe lotchedwa Mary Waya Foundation lothandiza atsikana kupyolera mu mpira womwewu. Ndipo anachita chinthu chimene anthu otchuka ambiri amachiopa: analankhula poyera za nkhanza zogonana zimene atsikana amakumana nazo m'masewera, kuchokera kwa amuna amene ali ndi mphamvu yosankha woti asewere ndi woti akhale panja. Nkhani yotere siibweretsa mphatso. Imabweretsa adani, ndipo woinena amatchedwa wochititsa manyazi dziko. Mayiyu akanatha kukhala chete nadya mbiri yawo mwamtendere.

Tsono funso ndi lakuti, kodi munthu wotere alemekezedwe bwanji? Chizolowezi chake nchodziwika: amaitanidwa pa msonkhano, akuluakulu amalankhula, amayi amavina, mlendo amalandira nsalu ndi envulopu, kenaka aliyense amabwerera kwawo. Palibe choipa pamenepo, pakuti wogwira ntchito ayenera kuthokozedwa akali moyo. Koma ulemu wotere umatha tsiku lomwelo. Dikembe Mutombo, katswiri wa basketball wa ku Congo amene anamwalira mu 2024, anamanga chipatala mumzinda wa Kinshasa chimene chinatsegulidwa mu 2007 ndipo anachitcha dzina la mayi ake. Iye anali ndi chuma cha ku America. Mayi Waya sanapeze chuma chotere mu mpira wamanja, kotero ntchito imene anaiyamba idzapitirira pokhapokha anthu a m'maboma ataisenza okha.

Boma la Neno lili ndi chifukwa chapadera choganizirapo. Bomali linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo ndi dziko la mapiri kumtunda ndi chigwa chotentha kumunsi, cha ku Lisungwi, Matope ndi Zalewa. Pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi bwalo la mpira wamanja, ngakhale likhale la mitengo iwiri ndi mikombero ya waya. Atsikana a m'makalasi oyamba amadzaza bwalolo. Koma munthu akayang'ana a Sitandade 7 ndi 8 amapeza kuti ambiri achokamo, ndipo amachoka pa msinkhu umene ayamba kusamba.

Chifukwa chake sichifuna nzeru zakuya. Mtsikana amene ali kumwezi sangalumphe pamaso pa anyamata ngati alibe chovala chodalirika, ndipo sangasinthe chovalacho m'chimbudzi chopanda chitseko, chopanda madzi, chimene khomo lake lapenyana ndi la anyamata. Amayamba wajomba ku bwalo, kenaka kukalasi, ndipo pomaliza dzina lake limafufutidwa m'kaundula. Choncho komiti ya sukulu yofuna kulemekeza Mayi Waya iyambe yayendera zimbudzi za atsikana. Chimbudzi chikhale ndi chitseko chotsekeka mkati, chivundikiro pa dzenje, ndi kachipinda kosinthiramo kokhala ndi chidebe cha madzi ndi sopo. Panja pakhale mpondagiya wosambira m'manja. Magulu a amayi a pa sukulu amadziwa kale kusoka nsalu zapamwezi zochapa nkugwiritsanso ntchito. Chofunika nkuwauza atsikana kuti nsaluzo ziyanikidwe pa dzuwa kufikira zitauma, pakuti nsalu yobisidwa pansi pa mphasa ili yonyowa imayambitsa zilonda ndi kuyabwa.

Nkhani yachiwiri ndi ya maulendo, ndipo ndi imene ikukhudza kwenikweni zimene Mayi Waya anadandaula. Sukulu za ku Neno nzotalikirana. Timu yochokera kwa Dambe kupita kukasewera ku boma kapena kumunsi imanyamuka m'mamawa pa lole kapena wapansi, ndipo kawirikawiri imabwerera kutada, mwinanso kugona m'kalasi la sukulu ina. Makolo amene amaletsa ana awo aakazi kupita pa maulendo otere sayenera kunyozedwa ngati anthu osazindikira. Iwo akuopa chinthu chenicheni. Yankho lake ndi lamulo losapsatira: timu ya atsikana isachoke pa sukulu popanda mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa m'gulu la amayi, masewera ayambe msanga kuti ana afike kwawo dzuwa lisanalowe, ndipo mwamuna aliyense, kaya ndi mphunzitsi kaya woyendetsa galimoto, asaitanire mtsikana payekha kunyumba kwake ponamizira yunifolomu kapena ndalama ya ulendo. Aphunzitsi aamuna okhulupirika, amene ndi ochuluka, lamuloli limawatetezanso ku mabodza.

Choipa chikachitika, mwanayo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo mankhwala oletsa mimba yosayembekezera nawonso amafuna changu. Chipatala chachikulu cha Neno ndi cha Lisungwi zilipo, pamodzi ndi zipatala zazing'ono, ndipo bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali kuyambira mu 2007. Apolisi ali ndi nthambi yothandiza ozunzidwa, ndipo nambala ya lamya ya 116 ndi yaulere. Mlandu wotere si wa mbuzi kapena nkhuku pa bwalo la mfumu, ndipo sutha pomukwatitsa mwanayo kwa womulakwira. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo sangakwatiwe ngakhale makolo atavomereza. Mtsikana amene watenga mimba alinso ndi ufulu wobwerera ku sukulu akachira, monga boma linaloleza mu 1993. Abwererenso ndi ku bwalo.

Ena adzati zonsezi nzochuluka kaamba ka masewera chabe. Aganizire za Mwai Kumwenda, amene anayamba ndi mpira wopangidwa ndi mapepala apulasitiki kumudzi kwawo ku Mzimba, nadzasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lapansi ku Sydney mu 2015. Atsikana ambiri a ku Neno sadzafika ku Sydney, koma amene watsala m'timu ndiye kuti watsalanso pa sukulu.

Tsiku la masewera limasonkhanitsanso atsikana ndi amayi awo malo amodzi, chinthu chimene alangizi a zaumoyo amachivutikira masabata ambiri. Ndi mpata wabwino wofotokozera za katemera woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Okonza mpikisano akumbukirenso kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene sanalambalale Neno. Madzi a osewera athiridwe klorini ndipo akhale m'chidebe cha mpopi, osati ndowa imodzi yoviikamo kapu timu yonse. Ogulitsa zitumbuwa ndi mandasi avundikire malonda awo, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo ayendere zimbudzi za pa bwalolo kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike.